Mpando wa Kumanzere

Ndinamuuza tili kukhitchini, ine ndikusita malaya ake oyera, iye ataima pafiriji akumwera madzi m'botolo ngati m'nyumba mulibe makapu.

"Usachoke pamzere," ndinatero. "Wafika kale kutsogolo. Usachoke."

"Gogo, dzana munati ndisaimike galimoto pansi pa mtengo. Dzulo munati madzi ozizira andipatsa chibayo. Lero ndi mzere. Nanga mawa kuli chiyani?"

"Za mawa ndikuuza mawa. Lero ndikuti usachoke."

Anaseka n'kundisisita paphewa ngati akutonthoza mwana. "Mkazi wanga wamkulu, mantha amenewa adzakuphani inu ndege isanandiphe ine."

Anavala malayawo akadali otentha n'kutuluka. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti wasiya ntchito.

Ameneyo ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ndine kuyambira ali ndi zaka zinayi. Kunyumba timamutchula Mtali, chifukwa anandipitirira msinkhu asanamalize n'komwe pulayimale. Ntchito yake ndi yoyendetsa ndege. Ndimakhala ndi iye ndi mkazi wake, mphunzitsi wa masamu, amene ine ndimamutchula mkazi mnzanga. Nyumba yathu ndi yosanja, masitepe makumi anayi kuchokera pansi. Ukaima pakhonde umaona mpanda wa waya wa bwalo la ndege ndi michira ya ndege zoima. Mtali akanyamuka ndimaima pamenepo mpaka ndegeyo italowa m'mitambo, ndipo mtima sukhala m'malo mpaka nditamva makiyi ake pachitseko.

Kusukulu sindinapondeko. Posaina ndimadinda chala. Koma mizere ndimaidziwa. Zaka makumi atatu ndinachapa nsalu za pachipatala, ndipo windo la kochapira linayang'anizana ndi benchi la odwala. Ndinaona anthu oti afika mbandakucha, adikira mpaka dzuwa pamutu, kenako amva mphekesera yoti kuseri kuli khomo lina la mzere waufupi. Athamangirako, akapeza khomolo n'lotseka. Pobwerera, malo awo atsekeka, ndipo palibe amene akuwadziwa.

Ntchito ya Mtali nayo ndi mzere. Kutsogolo kwa ndege kuli mipando iwiri. Wa kumanzere ndi wa kaputeni, mwini ulendo, wa nyota zinayi paphewa. Wa kumanja ndi wa womuthandiza, wa nyota zitatu. Nyotazo ndi timizere tagolide tovala pamapewa a malaya, ndipo kuwerenga mpaka zinayi ndimatha. Kukampani kwawo, m'chipinda chimene amasainira asanakwere, muli chipepala chachitali chomata pakhoma. Ndinachiona ndi maso anga chaka china ataitana achibale kuti tikaone malo. Amati mndandanda. Aliyense ali ndi nambala yake malinga ndi tsiku limene analowa ntchito. Sayang'ana kuti uyu ndi wanzeru, kapena uyu amatera bwino kukakhala mphepo. Amene anayamba kulowa ndiye ayambe kukhala kumanzere, basi. Ndege za kampaniyo n'zisanu ndi imodzi, ndipo ndege sizibereka. Choncho mpando wa kumanzere umapezeka pokhapokha mwini wake wapuma pa ntchito, wadwala, kapena wamwalira.

Mtali anamata pepala lakelake pachitseko cha firiji. Analembapo mayina a makaputeni onse ndi mwezi umene aliyense adzakwanitse zaka sikisite, zimene zinali zaka zopumira. Mmodzi akapuma, iye ankabwera kuchokera kuphwando lotsanzikana akuimba mluzu, n'kukhwatcha dzina ndi cholembera chofiira.

Pepalalo sindinkalikonda. "Ukuwerengera anthu masiku ngati mfiti," ndinkamuuza. "Chotsa chimenecho pamalo pa chakudya."

"Si maliro, Gogo, ndi penshoni. Iwowo akupita kukagona, ine ndikusendera."

Anasenderadi. Zaka khumi ndi chimodzi, dzina ndi dzina, mpaka anakhala woyamba pa onse a nyota zitatu. Wotsatira kupuma anali kaputeni wina amene onse ankamutchula a Dazi chifukwa cha mutu wawo. Amenewo ndi amene anamulandira Mtali ali kamnyamata kongotuluka kumene kusukulu ya ndege, ndipo anauluka naye maulendo osawerengeka. Anatsala ndi miyezi itatu. Mtali ndiye anali wapampando wa komiti ya phwando lawo. Mphatso anasankha yekha: mpando wandalema, wa nsalu yobiriwira, wopinda. Anabwera nawo kunyumba n'kuusunga pakhonde uli m'pulasitiki mwake.

Tsiku lina madzulo analowa osapereka moni. Chikwama chake chamateyala anachikankha ndi phazi mpaka chinakagunda mwendo wa tebulo.

"Awonjezera," anatero.

Mkazi mnzanga anali akuchonga makope a ana a sukulu. "Awonjezera chiyani, malipiro?"

"Zaka. Lamulo lasintha. Si sikisitenso, ndi sikisite faifi. Madala onse asanu amene amayenera kuchoka asaina kuti akhala."

"A Dazi nawonso?"

"Iwo ndiye anali oyamba kupempha cholembera."

Ine ndinati, "Zaka zisanu si kanthu. Ukadali mwana."

"Kwa inu zaka zisanu ndi dzulo, Gogo. Ine ndidzakhala ndi zaka fote ndikunyamulirabe munthu mapepala a zanyengo. Anzanga amene tinaphunzira limodzi, kumakampani ena akulamula ndege. Ine ndikadali 'chabwino bwana, ndamva bwana'."

Anang'amba pepala la pafiriji. Ndinayenera kusangalala, koma mmene analing'ambiramo zinandiopsa kuposa pepalalo.

Pasanathe mwezi, kumapeto kwa bwalo kunaima ndege yachilendo, yachikasu kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Mtali ananditengera pakhonde n'kundilozera. Anati ndi kampani yatsopano, ilibe mndandanda wautali, ilibe madala. Amuitana. Akaphunzire ndege ya mtundu umenewo miyezi itatu kunja, akabwera akhale kumanja miyezi isanu ndi umodzi yokha, kenako kumanzere.

"Ndege yawo ndi imodzi?" ndinafunsa.

"Yachiwiri ikubwera."

"Ili kuti?"

"Ili m'njira, Gogo."

"Ndege imakhala m'njira masiku angati? Ikubwera wapansi?"

Mkazi mnzanga anaseka mpaka misozi. Koma atatha kuseka anati, "Agogo, musiyeni ayese. Munthu akungowonda ndi mkwiyo m'nyumba muno. Sindikumudziwanso."

Loweruka lotsatira masana, Mtali anasuzumira pawindo n'kuona galimoto ya a Dazi ikuima pansi. Anathawira kuchipinda. "Muwauze kuti ndachoka." Mkazi mnzanga anali kumsika, choncho bodzalo linagwera ine.

Ndinawamva a Dazi akukwera masitepe. Anaima kawiri panjira. Pofika pachitseko anali wefuwefu, thukuta lili kamukamu pamutu, ngakhale kunja kunali kozizira.

"Mayi, muli bwanji? Mnyamata wanga alipo?"

"Wachoka, bambo."

Anayang'ana nsapato za Mtali zimene zinali pakhomo, zazikulu ngati mabwato. "Wapita chosavala? Ayi, zimachitika. Ndikhaleko pang'ono, masitepe anuwa ndi chilango."

Ndinawathirira tiyi. Ndipo ndinawayang'ana, chifukwa kuyang'ana ndiyo ntchito imene yanditsalira. Atakhala pansi thalauza inakwera, ndinaona akakolo otupa, lasitiki ya sokosi italowa m'mnofu. Milomo yawo inali yotuwa modera. Ndikamayankhula ankatembenuzira khutu limodzi kwa ine. Pakati pa nkhani anatembenuka ngati akuona chithunzi cha pakhoma, n'kuponya kambewu ka mankhwala pansi pa lilime.

"Mnyamatayu akundida, ndikudziwa," anatero. "Mundege amangondiyankha za ntchito zokhazokha. Koma mayi, wotsiriza wanga akadali ku yunivesite. Komanso ndikakhala pakhomo masiku awiri, akazi anga amafunsa ngati ndege zanyanyala. Zaka sate faifi ndili m'mwamba. Pansi pano sindidziwa kuti munthu amatani Lachiwiri m'mawa."

Anakweza mawu pang'ono, akuyang'ana chitseko cha kuchipinda. "Ndamva za anthu achikasu aja. Mumuuze adikire. Sindinganene zambiri. Angodikira."

Potsika anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri.

Mtali atatuluka ndinamugwira mkono. "Munthu uja samaliza chaka ali pantchito. Mtima wake watopa. Sunati oposa sikisite amapimidwa ndi dokotala kawiri pachaka?"

"Tsopano mwasanduka dokotala?"

"Ndachapa nsalu za anthu a akakolo otero zaka makumi atatu. Ndimadziwa bedi limene limatsala lopanda munthu. Ndipo sanakwere masitepe onsewa kudzamwa tiyi. Wabwera kudzakuuza chinthu chimene sangachitchule ndi pakamwa, chifukwa akachitchula amutsitsa mawa lomwe."

"Gogo, chaka chatha munati a neba apansiwa afa ndi chifuwa. Pano akwatira kachiwiri. Munati denga litigwera nthawi ya mvula. Munati shopu ya pakona itigulitsa nyama ya galu. A Dazi adutsa kwa dokotala zaka sate faifi. Adzatiika m'manda tonse aja."

Ndivomere, ndimachenjeza zambiri. Ndinaika m'manda mwamuna ndi ana awiri, ndipo palibe mmodzi amene imfa yake inagogoda. Kuyambira pamenepo ndimagogoda ndine, pa chilichonse. Sindinadziwe kuti mawu akachuluka amasanduka ngati phokoso la firiji, lomveka tsiku lonse koma lopanda wolimvera.

Kalata yosiyira ntchito anailemba Lamlungu, n'kuiika mu envelopu yoyera patebulo. Lolemba m'mawa iye akusamba ndinaitenga n'kuibisa m'thumba la mpunga. Ndi m'mawa umenewo pamene ndinamuuza kukhitchini kuti asachoke pamzere. Anatuluka osafunsa n'komwe za envelopu, ine n'kumati ndapambana. Madzulo anaipeza mkazi mnzanga akufuna kuphika.

Mtali anaikutumula mpunga akuseka. "Gogo, iyi inali yongosunga. Kalata za masiku ano sizidikira envelopu. Ndinatumiza pafoni dzulo lomwe."

Akukampani anachotsa dzina lake pakhoma sabata yomweyo, onse a pansi pake n'kusendera. Mmodzi yekha ndiye anaimba foni, mtsikana wina amene ankamutchula Wofatsa. Anali wachitatu kumbuyo kwa Mtali pamndandanda, wamng'ono kwa iye ndi zaka zinayi. Ankabwera kwathu ndi mabuku akamakonzekera mayeso, Mtali n'kumamufunsa mafunso patebulo lodyera mpaka tiyi kuzizira. Ndinamva mawu ake pafoni. "Achimwene, mwaganiza bwino? Mawa ndi tsiku lomaliza loti mukhoza kuibweza kalatayo."

"Usadandaule, Wofatsa. Udzandipeza kutsogolo."

Anapita kunja miyezi itatu. Anabwera atanenepa, ali ndi yunifolomu yatsopano, tayi yachikasu. Ndinayang'ana paphewa. Zitatu.

"Miyezi sikisi, Gogo. Ndinakuuzani."

"Nanga kumanzere kukukhala ndani?"

Zinatuluka pang'onopang'ono. Ndege yachikasu sinali ya kampaniyo, inali yobwereka. Eni ake pamodzi ndi a inshuwalansi anati kumanzere kukhale anthu amene ayendetsa ndege ya mtundu umenewo zaka zambiri. Choncho kampani inakatenga madala a kunja, opuma kale kumakampani akwawo.

"Ndiye wathawa madala akwanu n'kukapeza madala a eni?"

"N'zongoyembekezera. Yachiwiri ikafika zisintha."

Tsiku lililonse ndinkaima pakhonde kuwerenga michira yachikasu. Kuwerengako sikunkavuta.

Mwezi wachisanu chichokereni Mtali kukampani yakale, a Dazi analowa kwa dokotala wa oyendetsa ndege n'kutuluka opanda chilolezo choulukira. Mtima. Mtali anamva nkhaniyi tikudya. Anaika foni chafufumimba n'kupitiriza kutafuna. Sanandiyang'ane. Inenso ndinayang'ana m'mbale mwanga.

Patatha milungu isanu ndi umodzi, kaputeni wachiwiri anagwa pa mayeso a makutu. Wachitatu anamupeza ndi shuga wokwera. Wachinayi sanadikire dokotala, anangoti anzake onse apita, palibenso wocheza naye, n'kulemba kalata. Mipando inayi m'theka la chaka, chinthu chimene sichinachitikepo. Mpando wa a Dazi, umene unali wa Mtali, unapita kwa amene anali kumbuyo kwake. Mpando wachitatu unagwera Wofatsa. Chithunzi chinabwera pafoni ya mkazi mnzanga: Wofatsa ataima pamasitepe a ndege, mayi ake akumuveka nyota yachinayi, onse awiri akulira.

Mtali anachiyang'ana nthawi yaitali. "Akuyenera," anatero. "Amalimbikira." Anadzuka n'kukatsuka mbale, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire. Anatsuka ndi zoyera zomwe.

Ndege ndimazidziwa ndi kulira kwake. Yachikasu inkalira mopyapyala, ndipo inkanyamuka ndikamathira madzi a tiyi. M'mawa wina sinalire. Ndinatuluka pakhonde n'kuona injini zake atazivundikira ndi zinsalu zofiira. Inakhala choncho masiku khumi. Mtali ankavalabe yunifolomu n'kupita kuofesi, akuti mabwana akukambirana ndi eni ndege. Tsiku la khumi ndi limodzi ndinaona anthu achilendo akuizungulira, akuvundukula zinsaluzo. Masana inanyamuka. Inalowera mbali imene sinkalowera, ndipo Mtali anali pabalaza, akuimvera ngati ine.

Mawa lake anapeza geti la ofesi lili ndi loko. Mlonda anamupatsira katoni pamwamba pa mpanda, muli kapu yake ya tiyi ndi tayi imodzi.

Miyezi isanu ndi inayi anakhala pakhomo. Analemba makalata kumakampani onse amene ankawadziwa. Ena anati akufuna makaputeni, iye sanakhalepo kaputeni. Ena anati kumanja akufuna ana ongotuluka kumene kusukulu, osavuta kuwaumba. Ena sanayankhe. Mpando wandalema uja, umene sunafike kwa a Dazi, anauchotsa m'pulasitiki n'kuulowetsa pabalaza. Ankakhalapo kuyambira m'mawa, ndevu osameta, wailesi ya kanema ili yotsegula koma osaiona. Ndege ikamanyamuka ankadzuka kukatseka windo.

Tsiku lina anandifunsa, maso ali kudenga, "Bwanji simukunena?"

"Ndinene chiyani?"

"Kuti munandiuza."

"Ndikanakonda ndikanakhala wabodza, amuna anga. Ngati za denga zija."

Sanaseke. Ndinamuuza kuti asagone chagada atangodya, n'kuzindikira kuti ndayambanso. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja.

Amene anakwera masitepe athu pomaliza anali Wofatsa. Anabwera atavala zakunyumba, diresi wamba ndi patapata, ndipo ndinadziwa kuti wachita dala. Anakhala kumphepete kwa sofa ngati kale.

"Achimwene, anthu anayi atakwera, pansi patseguka malo. Akulemba a kumanja. Ndayankhula ndi abwana. Akuti mbiri yanu ndi yoyera, mubwere."

Mtali anawongoka pampando. "Ndibwerere pa nambala yanga?"

Wofatsa anayang'ana zala zake. "Pansi, achimwene."

"Zaka ileveni, Wofatsa. Palibe amene wauluka maola ochuluka kuposa ine kumanja kuja."

"Ndinawauza. Abwana akanalola, koma bungwe lathu la oyendetsa ndege silingalole. Wochoka akabwerera amayambira pansi. Lamulolo mukulidziwa." Anakweza maso n'kumuyang'ana. "Pamsonkhano anawerenga zimene zinalembedwa chaka chimene munthu wina anafuna kubwerera pa malo ake akale. Amene anaimirira kukana, n'kunena kuti wochoka wachoka, munali inu."

Mtali anaseka, kuseka kouma kopanda mano. "Ndinayankhula bwino tsiku limenelo. Anandiombera m'manja."

Anavomera. Akanatani? Anakameta ndevu, anakapimidwa, anakalembanso mayeso a ndege imene anaiyendetsa zaka khumi ndi chimodzi. Ine mtima unatsika. Ndinkati bola wabwerera, mzere ngakhale utalike umayenda, amene wapirira amafika.

Ndinanena zimenezi kwa mkazi mnzanga tikuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Anandiyang'ana, pegi ili kukamwa. Anailavulira m'dzanja.

"Agogo, bwerani ndikuonetseni. Koma musakamuuze kuti ndakuonetsani."

Anatenga mapegi amtengo akale n'kuwapanika pachingwe chopanda zovala. "Awa ndi makaputeni. Mipando yawo ndi yomweyi, siwonjezereka." Kenako anatenga apulasitiki n'kuwandandalika kumbuyo kwake, ambiri, mpaka chingwe chinatsala pang'ono kutha. Kumapeto kwenikweni anapanika imodzi yothyoka mwendo. "Awa ndi a kumanja, twente thuu. Uyu ndi mwamuna wathu."

"Eya. Amtengowo akamachoka, iye azisendera."

"Azisendera." Anachotsa yamtengo imodzi, n'kuika yapulasitiki m'malo mwake. Anachotsa ina, n'kuikanso. Anachita choncho mpaka amtengo amene ankawachotsa anatha, kutsala anayi. "Anayi awa ndi Wofatsa ndi anzake. Ndi ang'ono kwa iye, sachoka iye asanachoke. Tsopano onani. Mipando yonse yadzaza. Patsogolo pake patsala angati?"

Ndinawerenga ndi chala. Anali ochuluka kuposa zala za dzanja limodzi.

"Ndiye adikire atsopanowa apume," ndinatero.

"Agogo, atsopanowa ndi ana. Amene ali patsogolo pake enawo anabadwa iye ali kusekondale. Lamulo la sikisite faifi silisankha mpando. Lidzamupeza iye poyamba, iwo akadali ndi mphamvu zawo."

"Ena adzadwala."

"Adwale seveni? Tizipempherera zimenezo?"

"Kampani ikagula ndege zina?"

"Chilowereni iye sinagulepo ngakhale imodzi."

Ndinayang'ana pegi yothyoka ija ikugwedezeka ndi mphepo. Moyo wanga wonse ndinkadziwa mzere umene wakutsogolo amathandizidwa n'kuchoka. Sindinkadziwa kuti ulipo wina umene wakutsogolo akafika amakhala pomwepo mpaka iwe utakalamba.

"Iye akudziwa?" ndinafunsa.

"Anawerengera tsiku lomwe Wofatsa anabwera, asanatsike n'komwe masitepe." Anayamba kuchotsa mapegi aja imodziimodzi n'kumawaponya m'ndowa. "Ndine ndinati mumusiye ayese, Agogo. Ndimaphunzitsa masamu ine. Ndikanakhala pansi ndi pepala."

Ndinalibe chenjezo loti ndimupatse. Tinayanika zotsalazo.

Papita zaka zitatu tsopano. Basi ya antchito imaima pansi pa khonde lathu m'mawa. Makaputeni amakhala kutsogolo, kumbuyo kwa dalaivala, ndipo a kumanja amakhala motsatana ndi nambala zawo ngakhale palibe anawalamula. Masiku ena Wofatsa amakhala pawindo loyamba. Amayamba ndiye kupereka moni, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Mtali amagwira chipewa n'kuyankha, "Ndadzuka bwino, a Kaputeni," n'kudutsa chowerama, chifukwa denga la basi ndi lalifupi kwa iye, mpaka kubenchi lakumbuyo.

Wasendera malo awiri. Anandiuza ndi mkazi mnzanga, mwini wake sayang'ananso pakhoma paja. Sadwala, sachedwa, sakangana ndi munthu. Akabwera amadya, n'kufunsa ngati ndamwa mankhwala anga, n'kukagona. Ndikamuchenjeza za madzi ozizira amabweza botolo m'firiji n'kunena kuti, "Chabwino, Gogo, ndamva."

Chaka chino imvi zayamba m'mbali mwa makutu. Anzake a pabenchi lakumbuyo, ongotuluka kumene kusukulu ya ndege, amupatsa dzina latsopano. Ndinalimva ndili pakhonde, mmodzi atasuzumira pawindo la basi kumufulumizitsa.

"Madala! Changu, tichedwa!"

Mtali anakweza dzanja kuvomera, n'kuyamba kuthamanga, chikwama chikugubuduka pambuyo pake.